Mababu a Kudzala kwa Lou Xiangdi

Si zoona kuti Lou Xiangdi amadyetsa nkhasi zake phulusa la malemu mwamuna wake. Limenelo ndi bodza, ngakhale linayenda mpaka kumsika wa nsomba wa ku Huzhou n'kubwerako litanenepa. Popita linali supuni imodzi pa sabata. Pobwera linali supuni ziwiri m'mawa uliwonse, ati amathira uku akuimba nyimbo yachikondi. Xiangdi saimba, ndipo aliyense amene anamumvapo akuitana abakha amadziwa chifukwa chake.

Mayiyu anabadwira m'bwato lonyamula mchenga, mwana wamkazi wachinayi wa bambo amene ankadikira mwana wamwamuna. Sukulu anailawa zaka zitatu, zokwanira kulemba masiku ndi miyezi. Ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri anakwatiwa kuno ku Baiyangdou ndi Shen Genfa, mwana wamkulu wa banja la a Shen, munthu wowonda ngati kamtengo kodyera mpunga. Ukwati utangotha anamulowetsa m'khola la nkhasi, akamba a m'madzi aja, ndipo tinganene kuti anatulukamo patatha zaka makumi awiri ndi zinayi.

Khola lawo linali ngati makola onse a kuno: nyumba yaitali ya njerwa, yopanda zenera, denga lokutidwa ndi pulasitiki wakuda, ng'anjo ikutenthetsa madzi m'maiwe a simenti. Mkati mdima wa ndiweyani, nthunzi ikudontha m'khosi. Makolo anatiphunzitsa kuti nkhasi ikaona inzake imailuma, koma ukaisunga mumdima ndi motentha imangodya n'kumakula. Choncho Xiangdi ankayenda ndi katochi pamphumi, akumwaza chakudya, akutola zakufa. Chaka chilichonse pankapezeka nkhasi zambiri za zigoba zofewa, zoti ukadinda ndi chala chimalowa ngati m'tofu, chakudya chofewa cha soya chija. Amuna ankati vuto ndi madzi. Ogulitsa chakudya ankati vuto ndi mphepo. Apongozi ake ankati vuto ndi nkhope ya mtengwa.

Genfa anamwalira ndi matenda a chiwindi. Anamuwotcha monga tonse tidzawotchedwere, phulusa n'kuliika m'bokosi lamatabwa ofiira. Wosankha masiku anawerenga zala zake n'kunena kuti munthuyu asalowe m'nthaka mpaka chaka chachitatu, pa tsiku lalifupi kuposa onse la nyengo yozizira. Bokosi linakhala pa tebulo m'chipinda chochezera, pansi pa chithunzi chake, ndipo Xiangdi ankalipatsa tiyi m'mawa uliwonse. Ena amati Genfa anamwa tiyi wambiri atafa kuposa ali moyo, koma zimenezo ndi za m'banja, sitilowerera.

Patatha miyezi iwiri chiikireni bokosi pa tebulo, Xiangdi anapunthwa pakhomo la khola. Sanagwe kuchokera padenga ayi, anangopunthwa pa njerwa imodzi, koma dzanja linathyoka ngati phesi louma. Dokotala wa kutauni, mtsikana wa magalasi, anayang'ana chithunzi cha mafupa n'kumuyang'ananso mwini wake.

"Azakhali, kodi inu mumakhala m'dzenje?"

"Ndimakhala m'khola la nkhasi. Dzenje lili ndi pakamwa, kumaoneka kumwamba."

"Mafupa anuwa afumbwa. Akufuna dzuwa. Muzikhala panja tsiku lililonse, dzuwa lizikuwombani pakhungu."

"Ndizikhala pazenera ndikusenda nyemba."

"Ayi, panja. Galasi limalowetsa kuwala koma limatsekereza chimene mafupa akufuna. Kuwothera dzuwa kuseri kwa galasi kuli ngati kunyambita shuga ali m'botolo."

Ndiye mudzi wonse unaona zachilendo: Lou Xiangdi, mkazi amene sanakhalepo pansi chikwatiwire, ali phee pa benchi m'mbali mwa ngalande, dzanja lili m'chikhakha, nkhope kumwamba ngati mphaka. Tsiku lachisanu anaona nkhasi yam'tchire ikutuluka m'madzi. Inakwera pa chipika, n'kutambasula miyendo yonse inayi, khosi n'kulitulutsa lonse, maso n'kutsinzina. Inakhala choncho mpaka dzuwa kupendeka. Mawa lake inabweranso, ili ndi inzake, ndipo sizinalumane.

Xiangdi anayang'ana nkhasiyo, anayang'ana chikhakha chake, kenako anatembenuka kuyang'ana denga lakuda lija.

"Ine ndimatuluka kukagula mchere, koma mafupa andifumbwira," anatero. "Nanga izi zosatuluka chibadwire?"

Kugumula denga sikukanatheka, chifukwa chisanu cha kuno chikanapha zonse pa sabata imodzi. Chikhakha chitachoka anakwera basi kupita mumzinda, kumsika wa mbalame ndi maluwa, kumene anthu opanda ntchito amagula abuluzi oweta. Anapeza mkulu wina wa dazi akugulitsa mababu owunikira abuluziwo, otulutsa kuwala konga kwa dzuwa. Anagula makumi anayi. Wadaziyo ataona kuti mayiyu si wamasewera anamukoka pambali.

"Achemwali, mverani bwino. Babu ili limafa lisanazime. Ikakwana miyezi isanu ndi umodzi, litayeni, ngakhale likuwala ngati mwezi. Mphamvu yolimbitsa chigoba imakhala itatha, latsala ndi kuwala kwachabe. Ndipo musalivindikire ndi galasi."

"Kutaya babu loyaka? Kwanu amakusungani bwanji inu?"

"Tengani kakhadi aka. N'koyera. Mukakaika pansi pa babu lamoyo kamada ngati khungu la biringanya. Kakapanda kuda, babulo ndi maliro."

Tisamunamizire nzeru zimene analibe. Atafika anayatsa mababu onse n'kuwasiya oyaka usana ndi usiku, poganiza kuti chabwino chikachuluka chimaposa kukoma. Nkhasi zinapenga. Sizinkagona, zinasiya kudya, zinalumana michira mpaka madzi kufiira. M'nyumba ya tiyi amuna anaseka mpaka kutsamwa. Mlamu wake Shen Genbao, mng'ono wa malemu, ndiye ankatsogolera kuseka.

"Alamu atsegula holo yovinira nkhasi! Chatsala n'kuziveka nsapato."

Xiangdi anabwerera pa benchi ija kukafunsa mphunzitsi wake, ndipo anaona kuti dzuwa likalowa nkhasi yam'tchire imatsikira m'matope kukagona. Kuyambira pamenepo ankayatsa mababu poteleka phala la mpunga m'mawa, n'kuwazimitsa potsuka mbale za chakudya chamadzulo. Anatola mapale akale a denga n'kuwasanja m'maiwe, kuti nkhasi yofuna kuwothera izikwera, yofuna mthunzi izibisala pansi pake. Kulumana kunachepa mpaka kungotsala kwa mwa apo ndi apo, monga kwa m'banja lililonse. Pakutha pa chaka zigoba zinali gwa ngati mbale yadothi, mizere yake yooneka bwino, maso ali ngwee. Ukaigadamiza nkhasi yake inkadzitembenuza usanabweze dzanja.

Anthu a kuno tikagulitsa nkhasi timadikira Bwana Tu, wogula wamkulu amene amadyetsa malesitilanti a mumzinda. Bwana Tu salankhula zambiri. Amadinda chigoba ndi chala chachikulu, chala chimene chadinda nkhasi zambiri kuposa tsitsi la m'mutu mwake, kenako amatchula mtengo. Atadinda za Xiangdi, chala chinabwerera. Anadindanso. Anawonjezera mayuwani asanu ndi atatu pa kilogalamu, n'kunena kuti chaka chamawa asagulitse kwa wina. Ogula ang'onoang'ono onse amatsata kumene Bwana Tu waponda.

Tsopano tiyeni tinene za Genbao. Uyu ndi munthu amene amatsuka chotokosera m'mano n'kuchiyanika. Tsiku lina m'mawa akudutsa kuseri kwa khola la mlamu wake anaona kudzala kuli mababu makumi anayi, osasweka, ali ndondondo m'katoni. Anatenga limodzi, anakaliyesa kwake, linayaka. Mtima unamupweteka ngati wina wataya mpunga wake. Anabwerera ndi ngolo yamanja. Miyezi isanu ndi umodzi itatha anapezanso katoni ina, ndipo kuyambira pamenepo Genbao anakhala munthu wokonda kuwongola miyendo m'mawa.

Kufunsa sanafunse, chifukwa mwamuna wa banja la a Shen angafunse bwanji nzeru kwa mwana wa m'bwato? Anapachika mababuwo m'khola lake. Poona nthunzi ikudontha anada nkhawa kuti katundu waulereyu angapse, choncho babu lililonse analilowetsa m'botolo lagalasi losungira mpiru wamchere, n'kumata pakamwa. Mkazi wake Qiu Meifeng anadyetsa banja lonse mpiru wamchere miyezi iwiri kuti mabotolo apezeke. Khola linawala ngati sitolo ya golide. Nkhasi zinakhalabe tofu.

Apa ndi pamene bodza linabadwira. Pa Chaka Chatsopano Meifeng anapita kukapereka ulemu kwa malemu mlamu wake, ndipo pofukiza lubani ananyamulako bokosi lija pang'ono, ati kupukuta fumbi. Madzulo ake ali pa tebulo la masewera a majong ndi anzake atatu anatsitsa mawu.

"Ine sindikunena kanthu. Koma bokosi lija lapepuka."

"Lapepuka bwanji?"

"Sindikunena kanthu, ndati. Ndikungoti mababu athu ndi amodzimodzi, chakudya timagula kumodzi, madzi ndi a ngalande imodzi. Ndiye kulimba kwa zigobako kukuchokera kuti? Fupa limalimbitsa fupa, amatero akuluakulu."

Munthu amene sakunena kanthu ndiye amamveka kutali. Pofika nthawi yobzala mpunga, ana ankathawa akaona Xiangdi, ndipo wogulitsa tofu ankamupatsa chenji ndi nsonga za zala. Kenako foni inalira. Anali Bwana Tu.

"Mayi Lou, ophika anga akukana nkhasi zanu. Akuti alendo safuna msuzi wa Shen Genfa. Ndibwera Lachisanu m'mawa. Ndikapanda kukhutira, tisiyana mwamtendere."

Xiangdi ankadziwa tanthauzo la mtendere umenewo. Bwana Tu akachoka, palibe wogula wina amene angaime pakhomo pake. Khola lopanda wogula limabwerera kwa eni nthaka, ndipo eni nthaka anali a Shen, kutanthauza Genbao.

Lachisanulo anthu anadzaza pabwalo ngati kuli ukwati. Ena anabwera ndi timipando. Bwana Tu anatsika m'galimoto, anakana tiyi, analowa m'chipinda chochezera n'kuwerama katatu pamaso pa chithunzi cha malemu. Atatero anatsokomola.

"Mayi Lou, njira yachidule ilipo. Tsegulani bokosi, anthu aone kuti ndi lodzaza, tizipita."

"Bwana Tu, bokosi la bambo anu munalitsegulapo kuti ophika aone?"

Bwana Tu anayang'ana nsapato zake.

"Mwamuna wanga sanavule malaya pagulu ali moyo," anapitiriza Xiangdi. "Sindimuvula lero chifukwa cha tebulo la majong."

"Koma lapepuka!" anakuwa Meifeng ali pakhomo. "Ndinalinyamula ndi manja angawa!"

"Amayi a mpiru wamchere inu, Genfa ali moyo mphepo inkamukankha pa mlatho. Mumafuna anenepe atapsa?"

Anthu anaseka, koma kuseka sikugula nkhasi. Bwana Tu sanaseke. Apa Genbao anaona kuti nthawi yake yakwana. Anabwera kutsogolo, manja kumbuyo ngati mkulu wa boma.

"Bwana Tu, ine nkhaniyi ikundipweteka, ndi mkulu wanga ameneyu. Koma tinene zoona. Alamu akuti chinsinsi ndi mababu. Inenso ndili ndi mababu omwewo, mtundu umodzi, kampani imodzi, oposa awo kuchuluka. Chaka chathunthu n'kupitirira akuyaka. Bwanji zanga sizikulimba?"

"Omwewo?" anafunsa Xiangdi.

"Omwewo ndithu!"

"Munagula kuti, alamu?"

"Mumzinda."

"Msika uti?"

"Wa... wa mababu."

"Wogulitsa wake ali ndi tsitsi kapena dazi?"

Genbao anaganiza kaye. "Anavala chipewa."

"Chabwino. Bwana Tu, nsapato zanu n'zokongola, koma tiyeni tiwoloke msewu."

Gulu lonse linawoloka, timipando tili m'manja. Khola la Genbao linalandira alendo ambiri tsiku limenelo kuposa pa ukwati wake. Mkati munali mbee, mabotolo a mpiru ali lendelende kuchokera kudenga, ena akadali ndi chizindikiro cha mpiru. Xiangdi anaima n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Akuti ankadziluma milomo kuti asaseke.

"Alamu, tsitsani limodzi."

Genbao anakwera pa chidebe, anamatula botolo, n'kumupatsa babu atalikulunga m'nsalu. Xiangdi sanaliyang'ane n'komwe. Analipereka kwa Bwana Tu.

"Werengani pakhosi pake. Ine sukulu ndinalekeza panjira."

Bwana Tu anavala magalasi. "Pali utoto wofiira. Mwezi wachitatu, tsiku lachisanu ndi chinayi. Chaka cha dzana."

"Dzanja loipa chonchi ndi la ndani m'mudzi muno?" anafunsa Xiangdi.

"Ndi lanu, Azakhali Lou!" anayankha wogulitsa tofu ali kumbuyo. "Nayini wanu amaoneka ngati nkhanu."

"Babu lililonse ndimalilemba tsiku limene ndalipachika, kuti ndidziwe tsiku lolitaya. Alamu, msika wanu wa mababu uja uli kudzala kwanga, kuseri kwa chimbudzi."

Phokoso limene linabuka linagwetsa madontho kudenga. Genbao anafiira mpaka m'makutu, koma munthu woumira sagonja msanga.

"Ndiye ndalakwa chiyani? Mwataya chinthu chamoyo, ine ndatola! Likuyaka kapena silikuyaka? Anthuni, muli ndi maso, babu ili lafa?"

Anthu anang'ung'udza, chifukwa apa Genbao ananena zimene aliyense ankaganiza. Kuno sititaya chinthu chogwira ntchito. Xiangdi anapisa dzanja m'thumba la epuloni n'kutulutsa kakhadi koyera kaja.

"Bwana Tu, gwirani aka. Kaikeni pansi pa babu la alamu, lopanda botolo. Werengani mpaka makumi atatu."

Bwana Tu anawerenga mokweza, mudzi wonse ukumuthandiza. Kakhadi kanali mbuu ngati poyamba. Anayesa babu lachiwiri, lachitatu. Palibe chinasintha.

Anawolokanso msewu. M'khola la Xiangdi nkhasi zinali zitakwera pa mapale, miyendo tambasu, makosi kutalika, ngati nkhalamba za pa mlatho nthawi yachisanu. Bwana Tu anaika kakhadi pansi pa babu. Asanafike pa khumi kanayamba kuda, ndipo pofika makumi awiri kanali biringanya weniweni.

"Tsopano bweretsani botolo la mpiru," anatero Xiangdi.

Kakhadi katayeranso, anavindikira babu lamoyo lomwelo ndi botolo. Anawerenga mpaka makumi asanu. Kakhadi kanangochita ngati kakufuna kusintha, kenako kanaleka.

"Mwaona, alamu? Munatola maliro, n'kuwaikanso m'bokosi lagalasi. Mukanabwera pakhomo n'kunena kuti alamu ndiuzeni, ndikanakuuzani ndi tiyi yemwe. Safunsa anadya phula, koma inu mwadyetsa ana mpiru miyezi iwiri."

Bwana Tu anatola nkhasi imodzi pa phale, anaidinda, anaigadamiza pa simenti. Inadzitembenuza n'kumuluma kunsonga kwa nsapato. Kwa nthawi yoyamba chiyambireni kugula nkhasi kuno, anthu anaona mano a Bwana Tu.

"Ndikutenga zonse zokhwima, lero lomwe," anatero. "Ndipo kakhadi aka ndibwerekeni, ndikaonetse ophika."

"Kagulireni kanu. Wogulitsa wake ali ndi dazi, savala chipewa."

Madengu anayamba kutuluka dzuwa lisanafike pamutu, ndipo amuna omwe aja a holo yovinira ndiwo ankanyamula, aliyense akufunsa chapansipansi kuti basi yopita kumsika wa mbalame imanyamuka nthawi yanji. Meifeng anazimiririka, ati mpunga ukupserera. Genbao anatsala pakhomo la khola akukanda njerwa ndi chala mpaka anthu atachepa.

"Alamu," anatero, mawu ali pansi. "Limodzi latsopano ndi mayuwani angati?"

"Makumi atatu ndi asanu."

Genbao anagwira pamtima. "Ndiye n'kulitaya likuyaka?"

"Likuyaka."

"Ngakhale kulipachika kukhitchini?"

"Kukhitchini pachikani, mwina akazi anu angaone chimene akunena. Koma nkhasi muzipatse lamoyo, ndipo madzulo muzizimitsa. Inunso muzikhalako padzuwa, mwayamba kupindika."

Lero makola khumi ndi limodzi a ku Baiyangdou ali ndi mapale m'maiwe ndi utoto wofiira pakhosi pa mababu, ndipo makhitchini athu ndi owala kuposa a mudzi wina uliwonse m'mbali mwa ngalande. Amene akufunabe kukamba za supuni akambe, pakamwa ndi pawo.

Nkhasi za Lou Xiangdi zili ndi zigoba zolimba chifukwa masana zimawothera babu lamoyo, ndipo dzuwa likalowa amazizimitsira kuti zigone.